Atsikana ndi anthu othawa kwawo pabwalo la mpira wamiyendo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali pansipa ndi amene timawamva kawirikawiri kuchokera kwa makolo, aphunzitsi, mafumu, atsogoleri a zipembedzo ndiponso atsikana eni ake, pamene nkhani yoyambitsa kapena kulimbikitsa timu ya mpira wamiyendo yatuluka pamsonkhano. Ambiri mwa iwo akukhudza atsikana onse a m'Malawi, koma angapo akukhudza makamaka ana ndi achinyamata a kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, m'boma la Dowa.

N'chifukwa chiyani mukukamba za atsikana ndi anthu othawa kwawo pamodzi, chonsecho ndi magulu awiri osiyana?

Ndi magulu osiyanadi, koma chimene chimawatsekereza kunja kwa bwalo n'chofanana. Mtsikana wa m'mudzi amauzidwa kuti mpira wamiyendo si wake chifukwa ndi wamkazi, ndipo mwana wa kumsasa amauzidwa kuti mipikisano ya m'dziko muno si yake chifukwa ndi mlendo. Onse awiri sasowa luso kapena chilakolako, koma amasowa munthu wamkulu woti awatsegulire njira ndi kukhala nawo sabata ndi sabata, osati tsiku limodzi lachikondwerero lokha ayi. Ndiye pali mtsikana amene ali m'magulu onse awiri, wobadwira ku Dzaleka kapena wofika kumeneko ali pamsana, ndipo zopinga zonsezi zimamugwera pamodzi. Timu imene yakonzedwa moganizira mtsikana ameneyu imakhala yabwinonso kwa ena onse.

Kodi munthu wothawa kwawo ndi munthu wopempha chitetezo ndi mmodzi?

Pakamwa pa anthu ambiri ndi mmodzi, koma pamalamulo amasiyana. Wopempha chitetezo ndi munthu amene wafika m'dziko lina nanena kuti moyo wake uli pachiopsezo kwawo, koma boma la dziko lomulandiralo silinamalize kuunika nkhani yake. Boma likaivomereza, munthuyo amalembedwa kukhala wothawa kwawo wozindikirika ndi lamulo. M'Malawi muno nkhani zimenezi zimatsata lamulo loona za anthu othawa kwawo la chaka cha 1989, ndipo zimayendetsedwa ndi unduna woona za chitetezo cha m'dziko mothandizana ndi bungwe la United Nations loona za anthu othawa kwawo la UNHCR.

Kudikira yankho kumatha kutenga zaka. Mwana amene anafika ali ndi zaka khumi akhoza kutha msinkhu nkhani ya banja lake isanagamulidwe, ndipo n'chifukwa chake sitivomereza maganizo oti mwana adikire kaye mapepala asanalowe m'timu. Zaka zophunzirira mpira sizidikira ofesi.

Kodi Dzaleka ndi malo otani, ndipo mpira ungathandize chiyani kwa anthu amene akusowa ngakhale chakudya chokwanira?

Dzaleka ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Lilongwe. M'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi inali ndende ya akaidi a ndale, ndipo mu 1994 inasandutsidwa msasa wolandiriramo anthu othawa nkhondo za ku Rwanda, Burundi ndi dziko limene lero likutchedwa Democratic Republic of Congo. Malowa anakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma tsopano mukukhala anthu oposa 50,000, ambiri a iwo ochokera ku Congo, ena ku Burundi ndi ku Rwanda, ndi ochepa a ku Somalia ndi ku Ethiopia. Gawo lalikulu la anthuwa ndi ana, ndipo ambiri mwa anawo sadziwa kwina kulikonse koposa Dowa.

Funso lachiwirilo ndi loyenera, ndipo sitikufuna kuliyankha monyengerera. Mpira sudzaza mimba, ndipo thandizo la chakudya lochokera ku bungwe la United Nations loona za chakudya la WFP lakhala likuchepetsedwa kangapo chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Koma njala si vuto lokhalo la mumsasa. Pali kukhala osachita kanthu tsiku lonse, pali kuthinana m'nyumba zazing'ono, pali nkhawa za zimene anthu anaziona kwawo, ndipo kwa atsikana pali chiopsezo chokwatiwa msanga kapena chogonana ndi amuna posinthanitsa ndi sopo. Timu imapatsa mtsikana maola angapo pa sabata amene ali pamalo odziwika, pakati pa anzake, m'maso mwa munthu wamkulu amene angazindikire ngati wasiya kubwera kapena wasintha khalidwe. Amene anafikapo pa chikondwerero cha Tumaini, chimene chimachitikira mumsasamo kuyambira mu 2014, akudziwa kuti anthu a ku Dzaleka sadziona ngati olandira thandizo chabe. Ali ndi oimba, ovina, alakatuli ndi osewera, ndipo chimene amapempha n'chakuti wina awaone ali pa ntchito yawo.

Mpira wamiyendo si wa amuna kodi? Atsikana ali kale ndi mpira wamanja.

Mpira wamanja ndi ulemerero wa dziko lino, ndipo timu ya Malawi Queens yatitchukitsa kumayiko akutali kwa zaka zambiri. Palibe amene akufuna kuuchotsa. Chimene tikukana ndi chizolowezi cha m'sukulu zambiri chakuti nthawi ya masewero ikakwana, mphunzitsi amaponyera anyamata mpira umodzi, atsikana wina, popanda kufunsa mwana aliyense chimene mtima wake ukufuna.

Maganizo oti mpira wamiyendo suyenera akazi sanayambire kwathu kuno kokha. Ku England, mu December 1920, anthu pafupifupi 53,000 anadzaza bwalo la Goodison Park kudzaonerera masewero a amayi, ndipo chaka chotsatira bungwe loyendetsa mpira m'dzikolo linaletsa amayi kusewera pamabwalo a matimu ake ponena kuti masewerowa sayenera akazi. Chiletsocho chinakhala zaka 50, kufikira mu 1971. Chomwe chinabweza mpira wa amayi m'mbuyo kumeneko chinali chigamulo cha anthu a m'komiti, osati chilengedwe cha thupi la mkazi.

Pali umboni wotani wakuti mtsikana wa ku Malawi angapite patali ndi mpira?

Umboni ndi ana awiri a banja limodzi la ku Rumphi. Tabitha Chawinga anayamba ndi kusewera pamodzi ndi anyamata kumudzi, kenaka anasewerera timu ya DD Sunshine ku Lilongwe, ndipo mu 2014 anapita ku Sweden. Kuchokera kumeneko wasewera ku China, ku Italy ndi ku France. M'chaka cha mpira cha 2022/23, ali ku Inter Milan, anamwetsa zigoli 23 ndi kuposa osewera onse a mu ligi ya ku Italy. Mng'ono wake, Temwa Chawinga, anadutsanso ku Sweden ndi ku China asanapite ku timu ya Kansas City Current ku America, kumene mu 2024 anamwetsa zigoli 20, zimene wosewera wina aliyense anali asanazifikepo m'chaka chimodzi mu ligi imeneyo, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse.

Timu ya dziko ya amayi, ya Scorchers, inatenga chikho cha mayiko a kum'mwera kwa Africa cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi mu ndime yomaliza ku South Africa, ndipo mu 2025 inadzipezera malo mu mpikisano wa amayi wa mayiko a mu Africa kwa nthawi yoyamba. Tikamauza makolo zimenezi timawonjezera mawu amodzi: ana a Chawinga anafika pamenepo movutikira, akukanizidwa ndi kunyozedwa, ndipo sitidziwa kuti ndi atsikana angati a luso lofanana nalo amene anasiyira panjira chifukwa chosowa wowalimbikitsa.

Nanga alipo osewera odziwika amene anayambira kumsasa wa anthu othawa kwawo?

Alipo. Nadia Nadim anabadwira ku Afghanistan, ndipo bambo ake ataphedwa ndi a Taliban mu 2000, iye, mayi ake ndi abale ake aakazi anathawira ku Denmark. Mpira anauyambira ali kumalo osungirako anthu opempha chitetezo, ndipo pambuyo pake anasewerera timu ya dziko la Denmark, Manchester City ndi Paris Saint-Germain, namalizanso maphunziro a udokotala mu 2022. Alphonso Davies, wa timu ya Bayern Munich ndi dziko la Canada, anabadwira kumsasa wa Buduburam ku Ghana, makolo ake atathawa nkhondo ya ku Liberia. Awer Mabil, amene wasewerera Australia, anabadwira kumsasa wa Kakuma ku Kenya.

Chofunika kuchiona m'nkhani zitatuzi n'chakuti onsewa anakula pa mpira atalandiridwa ndi matimu a anthu wamba a m'dera limene anafikiramo. Luso anali nalo kale, koma linaonekera pamene wina anawalola kulowa m'timu imene si ya othawa kwawo okhaokha.

Timamva kuti mtsikana wosewera mpira amauma thupi ngati mwamuna ndipo amadzavutika kubereka. Kodi n'zoona?

Si zoona. Kuthamanga, kudumpha ndi kumenya mpira sikuwononga chiberekero, ndipo pali amayi ambiri amene abereka ali pakati pa ntchito yawo ya mpira, n'kubwereranso pabwalo. N'chifukwa chake kuyambira mu 2021 bungwe loyendetsa mpira padziko lonse la FIFA linalamula kuti wosewera wolipidwa akakhala ndi pakati apatsidwe tchuthi cha masabata osachepera 14 ndipo timu isamuchotse ntchito pa chifukwa chimenecho. Thupi la wosewera limalimbadi, koma limalimbanso la mayi amene amalima, kusinja ndi kusenza mitolo ya nkhuni, ndipo palibe amene amamukayikira ukazi wake.

Ngozi yeniyeni imene makolo ayenera kuidziwa ndi ya bondo. Atsikana ndi amayi amaduka mtsempha wa mkati mwa bondo kawirikawiri kuposa amuna, makamaka potembenuka mwadzidzidzi kapena potera atadumpha, ndipo chithandizo chake n'chodula kwambiri kwathu kuno. Njira yochepetsera ngoziyi ndi yotchipa: mphindi 20 zotenthetsa thupi mwadongosolo asanayambe kusewera, kuphatikizapo kulimbitsa ntchafu ndi kuphunzira kutera mawondo atapindika pang'ono. Ndondomeko yotchedwa FIFA 11+ inakonzedwera zimenezi ndipo ikupezeka mwaulere pa intaneti. Kochi amene amangoponya mpira pakati n'kuimba wezulo akuika ana pangozi.

Kodi mtsikana angasewere pamene ali kumwezi?

Angasewere, malinga ngati iye mwini akumva bwino, ndipo kwa ambiri kuthamanga pang'ono kumachepetsa kupweteka kwa m'mimba. Vuto silikhala la thupi, koma la manyazi ndi zipangizo. Atsikana ambiri amasiya mpira ali ndi zaka 13 kapena 14, ndipo ukawafunsa modekha umapeza kuti chifukwa chake ndi kabudula woyera, kusowa kwa mapadi, ndi bwalo lopanda chimbudzi kapena malo obisika osinthirako. Kumsasa, kumene madzi amatungidwa pamzere wautali, vutoli limakula.

Timu yoganiza bwino imasankha makabudula akuda kapena abuluu wodera, imasunga mapadi m'chikwama cha mankhwala monga mmene imasungira mabandeji, ndipo imakhala ndi mayi wamkulu amene mtsikana angamunong'oneze kuti lero sindili bwino popanda kufotokoza pamaso pa gulu. Magulu a amayi a pasukulu ndi mabungwe ena amaphunzitsa kusoka mapadi ochapa, ndipo ndi bwino kugwirizana nawo.

Mwana wanga akufuna kusewera, koma bambo ake akukana. Ndingatani?

Choyamba ndi kumva bwino chimene akukanira, chifukwa kawirikawiri si mpirawo. Bambo ambiri amaopa zinthu zitatu: kuti mwana azifika kunyumba kutada, kuti aziyenda maulendo ndi amuna osawadziwa, ndi kuti sukulu iwonongeka. Mantha amenewa ali ndi maziko, ndipo sitiyenera kuwatcha umbuli. Yankho lake ndi zochita zooneka, monga nthawi yodziwika yoyambira ndi yowerukera dzuwa lisanalowe, dzina la mayi amene amakhala pabwalo tsiku lililonse, ndi lonjezo lakuti mwana akajomba kusukulu sasewera Loweruka.

Zimathandiza kuti kochi apite yekha kunyumba, akhale pansi ndi makolo onse awiri, ndipo ngati ndi banja limene mawu a amalume amalemera, awaonenso amalumewo. Kenaka muwaitane bambowo kudzaonerera masewero amodzi okha. Nkhani ya ntchito za pakhomo nayo isabisidwe. Ngati mtsikana ndiye amatunga madzi, kuphika ndi kulera ang'ono ake pamene mlongo wake ali kubwalo, ndiye kuti banja liyenera kugawananso ntchito masiku awiri kapena atatu pa sabata, apo ayi chilolezocho chikhala cha pakamwa chabe.

Chipembedzo kapena mwambo wathu sulola mtsikana kuvala kabudula. Kodi ndiye kuti mpira wamukanika?

Ayi. Malamulo a mpira amalola wosewera kuvala zothina zazitali mkati mwa kabudula ndi malaya a manja aatali mkati mwa jezi, ndipo kuyambira mu 2014 amalolanso chophimba kumutu, bola chikhale chosapanidwa ndi mapini amene angavulaze munthu. Mu 2023 Nouhaila Benzina wa ku Morocco anasewera mu mpikisano wa chikho cha dziko lonse atavala hijabu. Izi n'zofunika kwa mabanja achisilamu a ku Mangochi, ku Machinga ndi ku Nkhotakota, kwa mabanja a ku Somalia a ku Dzaleka, komanso kwa mipingo ina yachikhristu imene imaumirira pa kavalidwe. Pokonzekera masewero palibe cholakwika ngati mtsikana abwera atamanga chitenje pamwamba n'kuchimasula wafika pabwalo. Zokhudza tsiku lopembedza, timu imene ili ndi osewera a Lachisanu, a Loweruka ndi a Lamulungu iyenera kukambirana ndandanda yake poyambirira penipeni.

Ndi msinkhu uti woyenera kuyamba, ndipo kodi asewere pamodzi ndi anyamata?

Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akhoza kuyamba, ndipo kufikira zaka pafupifupi 12 palibe chifukwa chowalekanitsira atsikana ndi anyamata, popeza mphamvu zawo sizisiyana kwenikweni. Akatha msinkhu ndi bwino atsikana akhale ndi timu yawoyawo, ngakhale amene ali ndi luso lapadera amapindula akamakonzekera ndi anyamata nthawi zina. Amene wafika zaka 17 kapena 20 asanamenyepo mpira asabwezedwe, chifukwa si timu iliyonse imene cholinga chake n'kutulutsa katswiri.

Tilibe ndalama. Tingayambe bwanji timu?

Osewera ambiri a dziko lino anayamba ndi mpira wachikulunga, womangidwa ndi mapepala apulasitiki ndi zingwe, pabwalo la fumbi, magolo ali miyala iwiri. Kusowa jombo ndi yunifomu sikuyenera kuchedwetsa tsiku loyamba. Zofunika poyamba ndi zinayi zokha: malo, nthawi yokhazikika, akuluakulu awiri odalirika amene mmodzi mwa iwo ndi mayi, ndi kaundula wa mayina a osewera ndi makolo awo.

Pa zinayizi, chovuta kwambiri ndi nthawi ya bwalo. Pafupifupi paliponse bwalo limakhala limodzi, la pasukulu kapena la mudzi, ndipo anyamata analilanda kale madzulo onse. Atsikana akangopatsidwa nthawi yotsala, masana dzuwa lili paliwombo kapena chisisira, timuyo imatha mwezi usanathe. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu, kwa anyakwawa, kapena kwa atsogoleri a zigawo za mumsasa, mukapemphe masiku awiri pa sabata amene bwalo ndi la atsikana, ndipo mgwirizanowo ulengezedwe pagulu kuti pasadzakhale kulimbana. Yambani ndi masewero a anthu asanu kapena asanu ndi awiri mbali iliyonse pa theka la bwalo, chifukwa mwa njira imeneyi mwana aliyense amaukhudza mpira kambirimbiri. Mukagula mpira weniweni, wa nambala 4 ndi woyenera ana ndipo wa nambala 5 ndi wa akuluakulu.

Tichenjezeko za mabonanza. Nthawi ya kampeni, andale ndi amalonda amabweretsa zikho, mayunifomu ndi ndalama, ndipo matimu a atsikana amabadwa sabata imodzi n'kufa sabata yotsatira. Landirani mphatsozo ngati zabwera, koma muyeso wa timu ndi chiwerengero cha atsikana amene akubwerabe Lachitatu wamba, mwezi wa February, mvula ikugwa. Timu ikakhazikika, funsani komiti ya mpira ya m'boma lanu kapena bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM za mipikisano ya atsikana ndi maphunziro a makochi ndi oyimbira.

Mungawateteze bwanji atsikana kwa makochi ndi akuluakulu amene angafune kuwagwiritsa ntchito molakwika?

Funso ili ndi lolemera kuposa onse, ndipo timu imene silingaliyankhe isayambe n'komwe. Kochi ali ndi mphamvu yosankha amene asewere, amene apite paulendo ndi amene alandire jombo, ndipo kwa mtsikana wosauka mphamvu imeneyo ndi yaikulu. Kwa mtsikana wa kumsasa ndi yaikulu koposa, chifukwa banja lake limaopa kuti kudandaula kungasokoneze nkhani yawo ya mapepala, ndipo wochita zoipa amadziwa mantha amenewa.

Malamulo amene timalimbikitsa ndi osavuta kuwamva. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'nyumba, m'galimoto kapena m'chipinda chosinthira. Kochi asatumizirane mauthenga a pafoni ndi mtsikana payekha, koma uthenga uzidutsa kwa makolo kapena pagulu la timu. Paulendo uliwonse pakhale mayi, ndipo makolo adziwe kumene ana akagone. Pakhale munthu wina, amene si kochi ndipo si mbale wa kochi, amene atsikana akudziwa kuti angakamuuze chilichonse. Malamulowa awerengedwe pamaso pa atsikana ndi makolo m'zilankhulo zimene onse akumva. Nkhanza zikachitika si nkhani yokambirana pansi pa mtengo kuti mbiri ya timu isaipe, koma ndi mlandu wokanena kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena pa nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Malamulo a dziko lino amateteza mwana aliyense wosakwana zaka 18 amene ali m'dziko muno, posayang'ana kumene anabadwira.

Pali nkhanza inanso imene siitchulidwa kawirikawiri. Mtsikana akasewera bwino kwambiri, a timu inayo amayamba kukuwa kuti ameneyo ndi mwamuna. Tabitha Chawinga anafotokozapo poyera kuti ali wamng'ono anakakamizidwa kuvula pa chifukwa chomwechi. Palibe woyimbira, kochi kapena mkulu wa mpikisano amene ali ndi ufulu wovula mwana, ndipo timu iyenera kutuluka m'bwalo m'malo molola zoterezi.

Kodi osewera a ku Dzaleka amaloledwa kutuluka mumsasa kukasewera kwina, kapena kulowa m'matimu a mu ligi?

Apa m'pamene lamulo limapanikiza. Dziko la Malawi litavomereza pangano la mayiko onse la 1951 lokhudza anthu othawa kwawo, linakana kudzimanga pa ndime zingapo, kuphatikizapo za ufulu woyenda ndi wogwira ntchito yolipidwa. Choncho ndondomeko ya boma ndi yakuti anthuwa azikhala mumsasa, ndipo mu 2023 amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni anabwezedwa ku Dzaleka mokakamiza. Wofuna kutuluka amayenera kutenga chilolezo kwa oyang'anira msasa. Timu yofuna kukasewera ku Mponela, ku Lumbadzi kapena ku Lilongwe ipemphe chilolezocho nthawi ikadalipo, ndi mndandanda wa mayina, tsiku lopita ndi lobwerera, ndipo chikalatacho chikhale m'manja mwa woyang'anira ulendo chifukwa cha malodibuloko a pamsewu. Njira yosavuta ndi yoitana matimu akunja kuti abwere kudzasewera ku Dzaleka.

Mpira wa ana ndi wa masukulu suvuta kwenikweni, pakuti si ntchito yolipidwa. Kusaina mgwirizano wa malipiro ndi nkhani ina, chifukwa imagwera pa malamulo a ntchito ndi a anthu olowa m'dziko, ndipo timu isalonjeze wosewera chilichonse isanafunse ku FAM ndi ku ofesi yoona za othawa kwawo. Kumbali ya FIFA, malamulo amaletsa kusamutsa ana osakwana zaka 18 kuchoka dziko lina kupita lina chifukwa cha mpira, koma ali ndi mpata wapadera wa ana amene anathawa kwawo pa zifukwa zopulumutsa moyo. Chimene sitingachivomereze ndi kusintha dzina kapena zaka za mwana kuti aoneke ngati Mmalawi, chifukwa bodzalo likadzaululika lingawononge mpira wake ndi nkhani ya banja lonse.

Mwana wobadwira ku Dzaleka angasewerere Scorchers kapena Flames?

Kuti munthu asewerere timu ya dziko ayenera kukhala nzika ya dzikolo, ndipo m'Malawi unzika umatsata makolo, osati malo obadwira okha. Mwana wa makolo othawa kwawo sakhala Mmalawi chifukwa choti anabadwira ku Dowa, ngakhale atamalankhula Chichewa chosalala kuposa chilankhulo cha agogo ake. Nadim ndi Davies, amene tawatchula pamwambapa, anasewerera matimu aakulu a mayiko awo atsopano atapatsidwa kaye unzika. Ife tikuona kuti dziko limataya pamenepa, ndipo pounikanso lamulo la 1989, nkhani ya ana obadwira ndi kukulira muno iyenera kumveka.

Ndi bwino othawa kwawo akhale ndi matimu awoawo kapena asakanikirane ndi a m'midzi yozungulira?

Poyambira, timu ya mumsasa momwemo ndi yosavuta, chifukwa ili pafupi ndipo makolo amadziwana. Koma ikakhala choncho mpaka kalekale, mpira umangolimbitsa mpanda umene ulipo kale. Masewero a Dzaleka kulimbana ndi mudzi woyandikana nawo amakoka anthu, koma amathanso kudzutsa mawu onyoza, monga chizolowezi chotcha mlendo aliyense kuti Mburundi ngakhale ali wa ku Congo kapena ku Rwanda. Njira imene timaikonda ndi yosakaniza osewera, kuti m'timu iliyonse mukhale a mumsasa ndi a m'mudzi, monga mmene mpikisano wa Unity Euro Cup, umene bungwe la mpira la ku Ulaya la UEFA ndi UNHCR anauyambitsa mu 2022, umachitira ku Ulaya, kumene timu iliyonse imakhala ndi othawa kwawo, eni dziko ndiponso amayi.

Ana a m'midzi yozungulira nawonso ndi osauka, ndipo mipira ndi mayunifomu zikamangopita mumsasa, nsanje imabadwa. Thandizo lililonse ligawidwe mbali zonse ziwiri. Mumsasa momwemonso matimu asamangidwe potsata mtundu kapena dziko lochokera, pakuti mikangano ina imene anthu anaithawa imawatsatira. Chilankhulo si chopinga chachikulu, chifukwa ana ambiri a ku Dzaleka amalankhula Chiswahili ndi Chichewa, ndipo kochi amene waphunzira mawu khumi okha a Chiswahili amaona nkhope za makolo zikumasuka.

Mtsikana akatenga mimba kapena akabereka, abwerere m'timu?

Abwerere, monga mmene ndondomeko ya unduna wa maphunziro imamulolera kubwerera kusukulu. Kumuchotsa kuti akhale chitsanzo kwa anzake kumangomutaya pa nthawi imene akusowa anzake koposa, pamene mnyamata kapena bambo amene anamupatsa mimbayo akupitiriza moyo wake. Ayambirenso pang'onopang'ono achipatala akamulola, ndipo amayi a m'komiti angathandize kugwira mwana pa ola limene mayi wake ali pabwalo. Ngati mtsikanayo sanakwane zaka 18, onaninso yankho lokhudza chitetezo, chifukwa pamenepo pangakhale mlandu.

Kwabwera munthu wonena kuti angamupezere mwana wathu timu kunja ngati titalipira ndalama. Timukhulupirire?

Musalipire. Timu yeniyeni imene ikufuna wosewera imalipira yokha ulendo wake, ndipo imalemba kalata yodutsa ku timu yake ya kuno ndi ku FAM. Wothandizira osewera wovomerezeka amakhala ndi chiphaso cha FIFA, ndipo dzina lake lingatsimikizidwe ku FAM musanasaine kalikonse. Mabanja a ku Dzaleka ndiwo amasakidwa kwambiri ndi anthu otere, chifukwa aliyense kumeneko akulakalaka njira yotulukira, ndipo msasawu wakhala ukutchulidwa m'malipoti a bungwe la United Nations okhudza kuzembetsa anthu, makamaka atsikana ndi amayi. Munthu akapempha ndalama, pasipoti kapena chiphaso cha mwana, kapena akanena kuti nkhaniyo isungidwe mwachinsinsi kufikira tsiku la ulendo, kauzeni apolisi kapena ogwira ntchito yoteteza ana mumsasamo tsiku lomwelo, ndipo mwanayo asapite kukakumana naye yekha.